Ndikufuna sukulu ya malamulo yapafupi, ndisankhe iti nanga nditani kuti anditenge?

Funso ili lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Columbus, mu steti ya Ohio ku America. Akuti: "Digiri yanga yoyamba ndinamaliza konkuno zaka 4 zapitazo, GPA yanga ndi 3.2, panopa ndikugwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi. LSAT ndalemba kamodzi ndipo ndapeza 154. Ndili pabanja, ana awiri, ndiye za Harvard ndi Yale sindikuziganizira n'komwe, ndikungofuna sukulu ya malamulo ya kuno kwathu. Koma anzanga ena akuti sukulu zing'onozing'onozi n'kutaya ndalama, ena akuti ingopitani iliyonse imene ikutengeni, loya ndi loya basi. Ndisankhe bwanji, nanga nditani kuti mwayi wonditenga ukule?"

Achemwali, zikomo, ndipo mwachita bwino kutchula manambala anu chifukwa popanda manambala nkhani imeneyi timangolankhula zam'mutu. Ndiyambe ndi chinthu chimene mwina simukuchiyembekezera. Ndi 154 ya LSAT, mayeso olowera sukulu ya malamulo, komanso 3.2 ya GPA, avereji ya magiredi a digiri yanuyo, zoti kaya akutengani penapake kapena ayi zisakusowetseni tulo. Ohio yokha ili ndi sukulu za malamulo 9, Ohio State ndi Capital komweko ku Columbus, Case Western ndi Cleveland State ku Cleveland, kenako Cincinnati, Akron, Toledo, Dayton ndi Ohio Northern, ndipo pa zimenezi ina ikutsegulirani chitseko, mwinanso zingapo. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi choti akutengani pa mtengo wanji, komanso mukadzamaliza ntchito mukaipeza kuti. Anthu ambiri amalimbana ndi kulowa, akalandira imelo yoti takutengani amavina, n'kusaina ngongole imene adzakhale akubweza mpaka ana awo atayamba koleji.

Tiyambe ndi tanthauzo la sukulu ya m'dera. Ku America kuli sukulu za malamulo pafupifupi 200 zovomerezedwa ndi ABA, bungwe la maloya a ku America. Mwa zimenezi zilipo zochepa, anthu amazitchula kuti T14, zina mwa izo ndi Yale, Stanford, Harvard, Chicago, Columbia, Michigan, Virginia, zimene dzina lake limayenda paliponse, munthu akhoza kuphunzira ku Michigan n'kukalembedwa ntchito ku Los Angeles popanda wofunsa mafunso ambiri. Zotsalazo, zomwe ndi zambiri zedi, dzina lake limagwira ntchito pamene pali anthu ake. Temple ndi yamphamvu ku Philadelphia, University of Houston ku Houston, Marquette ku Milwaukee, ndipo mphamvu yake sikuti ndi matsenga ayi, kungoti majaji, oimira boma pa milandu komanso eni mafemu a maloya a mumzinda umenewo ambiri anaphunzira pomwepo, ndiye akafuna wophunzira woti awathandize nthawi ya summer amaimbira foni pulofesa wawo wakale. Ntchito yoyamba ya loya wa sukulu ngati zimenezi nthawi zambiri imachokera pamenepa, munthu amene munamugwirira ntchito muli chaka chachiwiri, jaji amene munkakhala mu ofesi yake masana a Lachitatu, kiliniki ya pasukulu, pulogalamu imene ophunzira amathandiza anthu pa milandu yeniyeni, imene inakutumizani kukhoti koyamba. Mukanyamula digiri yomweyo n'kupita nayo ku steti ina kutali, anthu onse aja mwawasiya kumbuyo, mwatsala ndi pepala lokha.

Ndiye musanatsegule webusayiti ya sukulu iliyonse, khalani pansi ndi abambo akunyumba mukambirane zoti zaka 10 zikubwerazi mudzakhala kuti. Izi ndikunena mwamphamvu chifukwa ndi pamene anthu amaphonya kwambiri. Ngati yankho ndi Columbus, muli pabwino, ndi likulu la steti, khoti lalikulu la Ohio lili pomwepo, ofesi ya Attorney General, loya wamkulu wa boma la steti, nyumba ya malamulo, komanso makampani akuluakulu a inshuwalansi, zomwe zikugwirizana ndi ntchito imene mukuidziwa kale. Ngati pali maganizo osamukira ku Cincinnati, kumeneko kuli khoti la apilo la Sixth Circuit, ndipo musaiwale kuti kungowoloka mtsinje wa Ohio mbali ya Kentucky kuli sukulu ya Chase imene ophunzira ake ambiri amagwira ntchito mu Cincinnati momwemo, ndiye dera silitsata malire a pamapu nthawi zonse. Koma ngati mumtima mukudziwa kuti tsiku lina mudzapita ku Texas kapena ku Georgia, bola mudikire mukaphunzire komweko.

Za masanjidwe a magazini ya US News, aja oti sukulu iyi ndi nambala 60 iyi ndi nambala 110, ine ndimati mukangotsika pa sukulu zapamwamba zija musamawapatse ulemu wambiri. Mu 2022 Yale ndi Harvard zinasiya kupereka manambala awo ku magaziniyi, sukulu zina zambiri zinatsatira, kawerengedwe kanasinthidwa, ndipo sukulu zina zinadumpha malo makumi angapo chaka chimodzi chokha aphunzitsi ali omwewo nyumba ili yomweyo. Loya wa ku Columbus amene akufuna kulemba munthu ntchito sakhala ndi magazini imeneyo pa desiki. Sukulu ya nambala 60 ya ku steti yakutali ikhoza kukuthandizani pang'ono kusiyana ndi ya nambala 110 ya mumzinda wanu womwewo.

Tsopano mungadziwe bwanji kuti sukulu yam'derayo ndi yabwino kapena ndi ija anzanu akuti kutaya ndalama? Timabuku tawo tokongola tija tisiyeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. ABA imakakamiza sukulu iliyonse yovomerezeka kuika poyera mapepala angapo chaka chilichonse ndipo ndi aulere, mungolemba dzina la sukulu pa Google n'kuwonjezera mawu oti 509 report. Pepala la 509 limenelo ndi lamasamba ochepa koma muli zonse, fizi, anthu angati anaapulaya ndi angati anatengedwa, LSAT ndi GPA ya kalasi imene yangolowa, ma sikolashipu, komanso angati anachotsedwa chaka choyamba chifukwa cholephera. Pepala lachiwiri ndi la ntchito, limatchedwa Employment Summary Report, limawerenga omaliza maphunziro patatha miyezi pafupifupi 10 chimalizireni. Lachitatu ndi la mayeso a bar, amene munthu amalemba akamaliza sukulu kuti apatsidwe laisensi ya uloya.

Pa pepala la ntchitolo chitani chonchi, ndipo tengani kakyuleta. Mzere woyamba ndi wa ntchito zimene zimafuna laisensi ya bar, kutanthauza ntchito ya uloya yeniyeni. Pa mzere umenewo tengani nambala ili pansi pa full-time long-term, muigawe ndi chiwerengero cha onse amene anamaliza chaka chimenecho. Tingoyerekeza, anamaliza 120, pa bokosi limenelo pali 78, ndiye kuti 65 peresenti. Koma pakabuku ka sukulu yomweyo mwina mupeza 92 peresenti ali pantchito, ndipo sanname ayi, angophatikiza ndi wogulitsa m'sitolo, wa ganyu ya miyezi itatu, ndi uja amene sukuluyo yamulemba yokha kwakanthawi. Pali mzere wina wa JD Advantage, ntchito zimene digiri ya malamulo imathandiza koma laisensi sifunika. Zina mwa izo ndi zabwino, makamaka kwa inu a inshuwalansi, koma muzisamala nawo mzere umenewu chifukwa umabisanso anthu amene anabwerera ku ntchito yawo yakale ali ndi ngongole yatsopano. Kwa ine, sukulu imene nambala ija ili pansi pa 60 peresenti zaka zingapo zotsatizana, ndimayamba kufunsa mafunso ovuta. Musangoona chaka chimodzi, onani zitatu. Mmunsi mwa pepala lomwelo amalembanso ma steti atatu amene omaliza ambiri anapeza ntchito, pamenepo ndi pamene mudzaone ndi maso anu zimene ndikunena za dera zija, komanso amagawa mafemu malinga ndi kukula kwake, ndipo mudzapeza kuti ambiri amalowa mafemu aang'ono a maloya osapitirira 10 kapena 25, m'boma, ndi kuimira anthu osauka.

Zimenezi zikutifikitsa pa malipiro. Mwina munamvapo zoti loya wongoyamba kumene amalandira $225,000 pachaka. N'zoona, koma ndi m'mafemu akuluakulu aja a maloya mazanamazana, ndipo pa sukulu ya m'dera amene amalowa kumeneko ndi ochepa okhaokha apamwamba pa kalasi. Ambiri amayambira pansi pa $100,000, ena pansi kwambiri, pakati palibe anthu ambiri. Ndiye mukaona avereji ya malipiro musaikhulupirire, ndi nambala imene pafupifupi palibe amene amailandira. Ngongole yanu muiyeze ndi malipiro apansiwo. Lamulo limene ine ndimauza anthu ndi loti ngongole yonse ya sukulu isapitirire malipiro a chaka chimodzi amene mukuyembekezera, ikapitirira pang'ono chabwino, koma ikafika kawiri ndiye mwalowa m'mavuto, ndipo ngongole ya sukulu ku America n'kovuta kwambiri kuifafaniza olo munthu atalengeza kuti wagwa pa chuma. Dziwaninso kuti malamulo a ngongole za boma asintha, lamulo la 2025 linathetsa ngongole ya Grad PLUS, ya ophunzira opitirira digiri yoyamba, kwa obwereka atsopano kuyambira pa 1 Julayi 2026, ndipo wophunzira malamulo malire ake ndi $50,000 pachaka, $200,000 yonse pamodzi, chotsala mukasaka kumabanki komwe chiwongola dzanja ndi malamulo ake n'zowawa. Ngongole za bomazi ndi za nzika ndi a green card komanso magulu ena ochepa, ndiye ngati muli pa viza nkhani ya sikolashipu ndiyofunika koposa. Ubwino wanu ndi woti ndinu wokhala mu Ohio, ndipo Ohio State, Cincinnati, Cleveland State, Akron ndi Toledo ndi za boma, fizi yake kwa anthu a mu steti imakhala yotsikirapo. Koma musathamangire kunena kuti za pulaiveti ndi zodula basi, nthawi zina ya pulaiveti ikakupatsani sikolashipu yaikulu imatsika kuposa ya boma, chowerengera ndi chimene chituluke m'thumba mwanu pa zaka zonse, kuphatikizapo lenti, mafuta agalimoto ndi wolera ana.

Pa ma sikolashipu pali msampha umodzi umene ndikufuna muumvetse bwinobwino. Sukulu zina zimapereka ndalama koma n'kuika lamulo loti muzikhala m'gulu lapamwamba la kalasi, tinene gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena GPA isatsike pa nambala inayake. Munthu amene wakhala akukhoza moyo wake wonse amati aaa zimenezo n'zosavuta. Koma ku sukulu ya malamulo magiredi a chaka choyamba amaperekedwa pa curve, kutanthauza kuti ma A ndi owerengeka kale mayeso asanalembedwe, mukupikisana ndi anzanu, ndipo kawirikawiri giredi yonse imachokera pa mayeso amodzi akumapeto kwa semesita. Ndiye ngati theka la kalasi lapatsidwa sikolashipu yoti likhale m'gawo limodzi mwa atatu apamwamba, masamu okha akukuuzani kuti ena ataya, olo onse atawerenga usiku wonse. Pa 509 pali kabokosi kosonyeza angati analowa ndi sikolashipu yotereyi ndipo angati inachepetsedwa kapena kulandidwa. Kayang'aneni. Sikolashipu yabwino ndi imene lamulo lake ndi longoti musalephere sukulu, ndipo bola yochepa yopanda zingwe kusiyana ndi yaikulu imene ingaduke chaka chimodzi muli pakati pa mtsinje.

Za bar mwachidule. Onani angati amakhoza ulendo woyamba ndipo muyerekeze ndi avereji ya steti yonse, pepala lachitatu lija limaika manambala awiriwa moyandikana. Kuyambira 2019 ABA imafuna kuti 75 peresenti ya omaliza amene alemba bar akhale atakhoza pasanathe zaka ziwiri, sukulu imene ikungoyenda m'mphepete mwa nambala imeneyi ndi yoti muiganizire kawiri. Ndipo sukulu zimatsekedwa ndithu, Charlotte School of Law inatseka mu 2017, Valparaiso ku Indiana inatseka mu 2020, ophunzira ena anachita kusaka kokamalizira. Ohio imagwiritsa ntchito mayeso a UBE amene zotsatira zake mukhoza kusamuka nazo kupita ku ma steti ena ambiri, koma osati onse, California ndi Louisiana ali ndi mayeso awoawo, komanso mayeso atsopano otchedwa NextGen akulowa m'malo mwa UBE kuyambira Julayi 2026, steti iliyonse ndi chaka chake. Kusamuka ndi laisensi n'kotheka, kusamuka ndi anthu okudziwani ndiye ayi. Kungotchulako, ku Wisconsin omaliza pa University of Wisconsin ndi Marquette amalandira laisensi ya steti imeneyo osalemba bar n'komwe, chomwe chikusonyeza mmene sukulu ndi dera lake zimamangirirana. Sukulu yosavomerezedwa ndi ABA musayandikireko, ma steti ambiri sangakuloleni kulemba bar.

Tibwere ku mbali yachiwiri ya funso lanu, mungatani kuti mwayi ukule. Yankho langa lalifupi ndi loti lembaninso LSAT. Ndikudziwa simukufuna kumva zimenezi, palibe amene amafuna, koma palibe china chimene mungachite miyezi itatu kapena inayi chimene chingakubweretsereni ndalama zochuluka chonchi. GPA yanu inatsekedwa tsiku limene munalandira digiri yoyamba. Olo mutachita masters n'kukhoza ma A okhaokha, LSAC, bungwe limene limayendetsa LSAT ndi kusonkhanitsa mapepala a oapulaya, siliwerengera magiredi amenewo mu GPA imene sukulu zimalengeza. Ndiponso LSAC imawerengera yokha GPA yanu mwa njira yake, makosi onse amene munatenga musanamalize digiri, ngakhale a ku community college, ngakhale kosi imene munalephera n'kuibwereza, ndiye 3.2 ya pa transikiripiti yanu ikhoza kukwera kapena kutsika pang'ono. Tumizani ma transikiripiti msanga mudziwe nambala yeniyeni. Amene digiri yawo ndi yakunja kwa America ndi Canada, iwo sapatsidwa GPA ya manambala, mapepala awo amangoyesedwa kuti superior, above average, average kapena below average, ndiye kwa iwo LSAT imalemera kuposanso.

Chifukwa chake LSAT imagula ndalama ndi ichi. Sukulu iliyonse imalengeza median ya kalasi yake, ndiye kuti mukandandalika ophunzira onse kuyambira wotsika mpaka wokwera, nambala ya amene ali pakatikati. Nambala imeneyi amaiteteza ngati diso chifukwa imalowa m'masanjidwe aja. Tsono taonani mmene median imagwirira ntchito, munthu amene ali pansi pake ndi poyinti imodzi ndi amene ali pansi ndi mapoyinti 10, kwa median onsewa ndi amodzi, ndi apansi basi. Chimodzimodzi GPA. Ndiye ngati 3.2 yanu ili kale pansi pa median ya sukulu imene mukuifuna, njira yanu ndi yoti LSAT ikhale pamwamba pa median yawo, kuti muwathandize mbali imodzi pamene mukuwatsitsa mbali inayo. Mukakhala pansi mbali zonse ziwiri, akakutengani ndiye kuti mukulipira fizi yonse, ndipo ndalama zanuzo ndi zimene zikulipirira sikolashipu ya mnzanu wokhala naye pafupi m'kalasi. Tiyerekeze sukulu imene 509 yake ikuti LSAT ya pa 25 peresenti, imene kotala ya kalasi ili pansi pake, ndi 151, median 155, ya pa 75 peresenti, imene kotala ili pamwamba pake, ndi 158. Ndi 154 muli pansi pang'ono, akhoza kukutengani kapena kukuikani pa mndandanda wodikira, ndalama zochepa kapena ayi. Ndi 156 nkhani yasintha. Ndi 160 ndi iwo amene akukuimbirani foni. Kuchoka pa 154 kufika pa 160 ndi mafunso 10 kapena kucheperapo owonjezera amene mwakhoza, ndipo kusiyana kwake pa zaka zitatu kukhoza kukhala madola masauzande makumi angapo. Ohio State median yake ili kupitirira 160, ndiye ngati mukuilakalaka, ndi manambala apanowa ndi patali, pafunika kukwera ndithu.

Musaope kuti kulemba kawiri kukuonongerani mbiri. Kuyambira 2006 sukulu zimalengeza sikolo yapamwamba ya munthu osati avereji, ndiye ndi imene amaiyang'ana kwambiri, ngakhale amaona zonse. Malire alipo, kasanu pa zaka zisanu ndi kasanu n'kawiri moyo wonse, choncho musamangolemba mwa mwayi, lembani pamene mayeso oyeserera akukupatsani nambala imene mukuifuna kangapo motsatizana. Mayesowa anasinthanso mu Ogasiti 2024, gawo la logic games linachotsedwa, panopa magawo owerengeredwa ndi awiri a logical reasoning ndi limodzi la kuwerenga ndi kumvetsa, kuphatikiza lina loyesera limene silikuwerengeredwa koma simudziwa kuti ndi liti, lililonse mphindi 35. Ngati muli ndi mabuku akale a mnzanu, gawo la ma games lidumpheni. Pa LawHub ya LSAC pali mayeso akale enieni, ena aulere. Chinsinsi cha kukonzekera si kuchuluka kwa mayeso amene mwalemba, ndi zimene mumachita mukamaliza. Funso lililonse limene mwalakwa, ndi lililonse limene mwakhoza mongoganizira, libwerereni, lembani m'kope chifukwa chimene yankho lolondola lili lolondola ndi chimene chinakukopani pa lolakwikalo. Pakatha milungu ingapo mudzaona kuti mumagwa pa mitundu iwiri kapena itatu yomweyomweyo ya mafunso. Ola limodzi m'mawa ana asanadzuke tsiku ndi tsiku limaposa maola 8 Loweruka lokha mutatopa. Sukulu zina zimalandira GRE, koma poti muli kale ndi sikolo ya LSAT aziona ndithu, ndiye njira imeneyo siikuthandizani kwenikweni.

Kenako nthawi. Sukulu zambiri zimatsegula mafomu mu Sepitembala ndipo zimawerenga momwe akufikira, malo ndi ndalama zikuchepa pang'onopang'ono. Tsiku lotsekera likhoza kukhala mu Malichi kapena Epulo, sukulu zina mpaka chilimwe, koma ofika nthawi imeneyo amapeza mphika atakokota kale. Yesetsani kuti zonse zikhale zitalowa Novembala asanathe. Koma mukafunsa kuti chabwino n'chiti, kuapulaya mu Okutobala ndi 154 kapena mu Disembala ndi 160, ine ndikuti Disembala ndi 160 mosakayika. Ndipo ngati chaka chino sizikutheka, kudikira chaka china si tchimo, sukulu sizithawa, muli pantchito mukulandira malipiro. Early decision yomanga ija, yoti akakutengani muyenera kupita, kwa inu ndingati ayi, pokhapokha ngati ikubwera ndi sikolashipu yolembedwa, chifukwa mukangosaina mwataya mphamvu yonenerera.

Pa nkhani imene mulembe yofotokoza za inu, personal statement, masamba awiri basi nthawi zambiri, musayambe ndi zoti kuyambira ndili mwana ndinkakonda kutsutsana ndi anthu, amawerenga zimenezo kambirimbiri. Inu muli ndi chimene mwana wazaka 22 alibe, zaka 4 za ntchito yeniyeni. Sankhani chinthu chimodzi chimene munachiona pa desiki yanu, mwina fayilo ya munthu amene nyumba yake inaonongeka ndi madzi ndipo kulipidwa kapena kusalipidwa kwake kunadalira chiganizo chimodzi cha mu polise, mmene munachiwerengera kangapo, zimene munachita, ndi pamene munazindikira kuti mukufuna kukhala munthu wotanthauzira chiganizocho osati wongodinda sitampa. Mayina a makasitomala ndi zinsinsi za kampani musaike. Nkhaniyi ndi mayesonso a kalembedwe, ndiye ipatseni munthu wosakunyengererani aiwerenge, ndipo onetsetsani kuti simunasiye dzina la sukulu ina m'kalata yopita ku sukulu ina, zimachitika kuposa mmene mungaganizire.

Apa pali mwayi wina umene oapulaya ku sukulu za m'dera saugwiritsa ntchito. Sukulu zimenezi zimadana ndi kutenga munthu amene sabwera, ndiye zimakonda amene akuoneka kuti ndi wa pompano. Auzeni momveka kuti banja lanu lili ku Columbus, ana ali pasukulu kuno, mukufuna kudzagwira ntchito kuno. Ngati pali funso loti n'chifukwa chiyani mwasankha ife, liyankheni olo atati ndi losakakamiza, ndipo mutchule zenizeni, kiliniki inayake, pulogalamu yamadzulo, osati zoti sukulu yanu ndi yotchuka. Pitani mukaione, mukhale nawo m'kalasi imodzi, mulankhule ndi a ofesi yotenga ophunzira, pa sukulu yaing'ono amakumbukira nkhope. Mukapita funsaninso ophunzira a chaka chachitatu kuti anzawo angati apeza kale ntchito, iwo sabisa.

Makalata okuchitirani umboni awiri akukwana, imodzi kwa bwana wanu amene amaona ntchito yanu tsiku ndi tsiku, ina kwa pulofesa ngati alipo amene akukukumbukirani. Kalata ya munthu wa udindo waukulu amene sakudziwani bwino ilibe phindu. Apempheni msanga, anthu amachedwa nazo. Ngati GPA yanu inatsika chifukwa cha semesita imodzi kapena ziwiri zovuta, matenda, uchembere, kugwira ntchito usiku, lembani kandime kakafupi kotchedwa addendum, chinachitika ndi ichi, nthawi yake ndi iyi, taonani magiredi a pambuyo pake, basi, osadandaula. Ngati palibe chifukwa chenicheni musapeke. Ndipo mafunso aja okhudza mbiri yanu, kumangidwa, kulangidwa ku koleji, nthawi zina ngakhale milandu ya pamsewu, werengani mmene sukulu iliyonse yafunsira ndipo muulule zonse zimene afunsa. Mukadzamaliza a bar adzafufuza khalidwe lanu ndipo akhoza kuyerekeza ndi zimene munalemba pa fomu ya sukulu, kankhani kakang'ono kamene munakaulula sikavuta, koma kamene munakabisa kakhoza kukuchedwetserani laisensi mutawononga kale zaka zitatu.

Poti muli ndi ntchito ndi ana, ganiziraninso za pulogalamu yamadzulo, imatenga zaka 4 m'malo mwa 3, Capital ili nayo, ndipo sukulu zina mu Ohio zili ndi ma pulogalamu a part-time kapena ophatikiza ndi pa intaneti. Ubwino wake malipiro sakuima ndipo ngongole imachepa. Kuipa kwake n'koti nthawi yokagwira ntchito kwa jaji kapena ku femu masana imasowa, pamene tanena kale kuti ntchito imachokera kumeneko, ndiye ngati mukufuna kukhalabe mu inshuwalansi n'kukwera kupita ku dipatimenti ya malamulo, yamadzulo ikukwanirani bwino, mwinanso kampani ikhoza kuthandizako fizi, kafunseni. Koma ngati mukufuna kusintha kotheratu kukakhala loya wa kukhoti, mudzayenera kupeza njira yosiya ntchito chaka chomaliza kapena kuchepetsa maola. Maganizo oti ndilowe iliyonse kenako ndidzasamukira ku yabwino chaka chachiwiri, amenewo musawadalire. Zimatheka kwa ochepa amene akhoza pamwamba penipeni, aliyense amalowa akuganiza kuti adzakhala iyeyo, ndipo wosamuka kawirikawiri amasiya sikolashipu yake n'kukalipira yonse. Lowani sukulu imene mungasangalale kumalizirapo.

Apulayani ku zingapo, olo zina zimene simukuzifuna kwambiri, chifukwa kalata ya sikolashipu ya sukulu imodzi ndi imene mumanenerera nayo ku inzake. Ndalama ya fomu isakuopseni, tsegulani Candidate Referral Service pa akaunti yanu ya LSAC kuti sukulu zizikupezani zokha, zambiri zimachotsa ndalama imeneyi, zina mukangopempha pa imelo, ndipo LSAC ilinso ndi chithandizo cha amene ndalama zawo ndi zochepa. Mayankho akabwera, lembani imelo yaulemu ku sukulu imene mukuifunadi, muthokoze, munene kuti ndiyo yoyamba pamtima panu, kuti sukulu yakuti yakupatsani zakuti ndipo kalata yake ndi iyi, kenako mufunse ngati angaonenso sikolashipu yanu. Zina zimakana, zina zili ndi fomu yake ya zimenezi, zina zimawonjezera, koma kufunsa mwaulemu sikulanditsa malo. Zimagwira bwino ngati sukulu ziwirizo zimalimbirana ophunzira omwewo, kalata ya sukulu yakutali imene sakuiopa siwasuntha. Akakuikani pa mndandanda wodikira, tumizani kalata yaifupi yoti mukufunabe, muwonjezere chatsopano ngati chilipo, makamaka sikolo yatsopano ya LSAT, ndipo pakadali pano lipirani dipoziti ku sukulu ina imene yakutengani, masiku ake amakhala cha mu Epulo ndi Meyi, chifukwa odikira ena amaitanidwa mpaka mu Ogasiti sukulu itatsala pang'ono kutsegulira, ndipo nthawi imeneyo ndalama za sikolashipu zimakhala zitatha kale.